KODI MKHRISTU ANGASAMALE MPHAKA PAMENE KWATHU KULI NJALA?



Mwezi uno tiyeni tiganizire za mphaka, amene ena amati chona. Ambiri mwa ife timagwira ntchito m'nyumba momwe muli amphaka. Ena timawaopa chifukwa cha zimene tinamva tili ana. Ena mtima umatiwawa tikaona mphaka akudya zabwino pamene abale athu kumudzi agona ndi njala. Kodi Mkhristu achite bwanji?

Tiyambe ndi mantha. Kwathu tinakula tikumva kuti mphaka wakuda ndi wa afiti, ndipo akalira usiku padenga ndiye kuti watumidwa. Koma kuno ku Scotland makolo awo ankati mphaka wakuda wachilendo akafika pakhomo, mwayi walowa m'nyumba. Mphakayo ndi mmodzimodzi. Wina akuti tsoka, wina akuti mwayi, ndipo onsewa ndi maganizo a anthu chabe. Genesis 1 imatiuza kuti nyama zonse anazilenga ndi Mulungu ndipo anakondwera nazo. Satana sanalengepo ngakhale nyerere imodzi. Kumbukiraninso kuti mantha omwewa ndi amene apweteketsa agogo osalakwa m'midzi mwathu, ngakhale lamulo la ku Malawi la 1911 linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Lero tigenda mphaka, mawa tigenda nkhalamba imene imamusunga. Pamene mphaka yemweyo ndi amene amalondera nkhokwe kuti makoswe asatimalizire chimanga.

Funso la njala ndi lolemera, ndipo tisalipeputse. Mu March 2024 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'mavuto chifukwa cha chilala. Ambirife tinalandira mafoni opempha thumba la chimanga. Ndiye m'mawa mwake ukupita kuntchito, adona akukutuma kuti utsegule chitini cha nsomba umupatse mphaka. Mtima uwawa ndithu.

Munthu ndi wamkulu kuposa nyama, chifukwa ndi iye yekha amene analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Pa Mateyu 10 Yesu anaphunzitsa kuti munthu amaposa mpheta kutalitali, koma pomwepo anaonetsa kuti Atate amadziwa ngakhale za kampheta kamodzi. Ndiye dongosolo lilipo: munthu patsogolo, nyama pambuyo, koma nyamayo siitayidwa kunja kwa chifundo. Bwana amene amadyetsa mphaka wake bwino ndi kumana wantchito malipiro ake wachimwa, ndipo Yakobo 5 akumuchenjeza. Koma mlanduwo ndi wa bwanayo. Ukamenya mphaka ndi tsache bwana atachoka, malipiro ako sakwera ngakhale ndi paundi imodzi, ndipo kwanu sikufika ufa. Wangotula mkwiyo wako pa chinthu chimene sichingakanene kwa munthu.

Abale anga, werengani Eksodo 23 ndime 12. Lamulo la kupuma pa tsiku lachisanu ndi chiwiri likutchula ng'ombe, bulu, mwana wa wantchito ndiponso mlendo, onse m'ndime imodzi. Chifukwa chiyani Mulungu anawaika pamodzi? Chifukwa onsewa amakhala pakhomo pa mwini wake, amadya zimene apatsidwa, ndipo akazunzidwa alibe kokadandaula. Kodi mlendoyo si ife? Kodi wantchitoyo si ife? Timadziwa kuwawa kwa kukhala m'manja mwa munthu wina, kudikira kuti lero adzuka bwanji. Tsono Mulungu akaika m'manja mwathu kanthu kofooka kuposa ife, akufuna aone ngati kuwawa kuja kunatiphunzitsa chifundo kapena nkhanza. Balamu anamenya bulu wake katatu, ndipo mngelo anamufunsa chifukwa chake, monga timawerengera pa Numeri 22. Kumwamba kunaona zimene zinachitika panjira.

Chifundo sichili ngati shuga woti ukathira m'kapu iyi, ina isowa. Mtima umene wazolowera kukoma pa zazing'ono ndi womwewo umene umakumbukira kutumiza ndalama kumudzi.

Tsono chifundocho chioneke m'ntchito. Kuno lamulo la 2006 loteteza nyama ku Scotland limati amene akusunga nyama, ngakhale kwa masiku ochepa, ali ndi udindo woisamalira. Choncho mabwana akapita kutchuthi nakusiyirani mphaka, udindowo ndi wanu. Dziwani izi. Musamupatse panado, chifukwa mankhwala amenewa amapha mphaka. Maluwa otchedwa lily amaononga impso zake, ngakhale atangonyambita fumbi lake lachikasu, ndiye asakhale pomwe iye amafika. Anyezi ndi adyo ndi zoipa kwa iye, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Madzi abwino akumwa asamusowe. Musanayatse makina ochapira kapena oumitsira zovala, suzumirani m'kati, chifukwa amakonda kugona pofunda. M'mafulati a pamwamba ngati a kuno ku Dennistoun, samalani potsegula mawindo. Alongo oyembekezera apemphe wina kuti azitaya mchenga womwe mphaka amachitirapo chimbudzi, kapena avale magolovesi ndi kusamba m'manja, chifukwa mumatha kukhala tizilombo toopsa kwa mwana wosabadwa.

Nanga amene akufuna kusunga wakewake? Palibe tchimo. Alipo ena pakati pathu amene amabwerera m'chipinda chozizira mopanda wowalonjera, ndipo m'nyengo yachisanu kuno kumada 4 koloko isanakwane. Kanyama kokulandira pakhomo ndi mphatso. Koma muyambe mwawerengera mtengo. Mphaka amatha kukhala zaka 15 kapena kuposa. Kodi eni nyumba alola? Kodi mapepala anu akadzatha kapena mukadzabwerera kwanu, adzatsala ndi yani? Kodi chakudya chake sichidzadula ndalama ya fizi ya ana? Ngati mayankho ali bwino, musathamangire kugula. Pitani kwa amene amasunga amphaka otayidwa, monga a Scottish SPCA amene anayamba mu 1839, kapena a Cats Protection amene anayamba mu 1927. Funsaninso za akuda aja, pakuti a Cats Protection anachita kuwaikira tsiku lawo, 27 October, kuti anthu asamawalambalale. Ngati simungathe kusunga kwa zaka, mabungwewa amafunanso anthu olera mphaka kwa kanthawi mpaka atapeza khomo. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, ndiye mupite naye kwa dokotala wa ziweto akamutseke, ana ake asadzavutike m'misewu. A PDSA, amene anayambitsidwa ndi Maria Dickin ku London mu 1917 pofuna kuthandiza ziweto za anthu osauka, ali ndi zipatala muno mu Glasgow. Funsani ngati muli m'gulu la amene angathandizidwe.

Amene sakonda amphaka sakukakamizidwa kuwakonda. Chimene Mulungu akutipempha tonse ndi chakuti dzanja limene timakweza popemphera Lamulungu lisakhale lankhanza Lolemba.

Tipemphere. Atate, Inu amene munalenga zazikulu ndi zazing'ono, chotsani mantha ndi mkwiyo m'mitima mwathu. Kumbukirani abale athu anjala kumudzi. Fewetsani mitima ya mabwana athu, ndipo ifenso mutiphunzitse kukhala okoma mtima pamene palibe wotiona. M'dzina la Yesu, Amen.

Ambuye akudalitseni nonse.