Mfundo zisanu za m'mbali mwa njanji

Njanji yochokera ku Balaka imadutsa pa Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka. Idafika ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi udatsegulidwa. Lero ana ambiri a kuchigwa kuno amailumpha m'mawa uliwonse popita kusukulu, makope ali m'jumbo, koma sitima sadaikwerepo.

1. Tizifunsa kuti chinthu adachipangira yani. Atsamunda sadayale zitsulo zija kuti agogo athu azikaona abale ku Limbe. Ankafuna kuti thonje ndi mbewu zina zizitsikira kudoko la Beira, komanso kuti katundu azifika kunyanja pa Chipoka. Anthu a m'midzi ankangotolako nyenyeswa: wina ntchito, wina kugulitsa nthochi ndi nsomba zowamba pamawindo a mabogi. Katundu atayamba kuyenda pa malole mumsewu wa M5, sitima ya anthu idasiya kubwera, ndipo palibe adadzatsanzika kwa amfumu. Pano pa Golomoti pali magalasi a sola a mamegawati 20, omwe adayamba kugwira ntchito mu 2022. Nzabwino ndithu. Koma funso ndi lomwe lija: mwana wa sitandade 8 wa pafupi pomwepo akuwerengera chiyani usiku? Sukulu ya pulayimale ndiyo adamangira ife eni mudzi, ndipo njerwa zake zambiri tidaumba tokha.

2. Cha aliyense chimafuna mwini. Mvula ikagwa kumapiri a Dedza, mitsinje monga Livulezi ndi Nadzipulu imatsika mwaukali, ndipo njanji yosayenderedwa madzi amaikumba kunsi mpaka zitsulo kutsala lende. Zimene madzi asiya, amamalizitsa ndi anthu omasula mabawuti usiku nkukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Amati nza boma. Mawu omwewo ndi amene amatha madesiki, zitseko za zimbudzi ndi malata a kusukulu, a komiti ali chete poopa kudana ndi mbale wawo.

3. Ulere sufika kumunda. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi kupulayimale, ndipo ana adachuluka kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Fizi idachokadi, koma mpunga ukayamba kucha kusikimu ya Bwanje, mbalame sizidziwa za teremu. Mwana amakhala pachiulu kuyambira mbandakucha, kukuwa ndi kugogoda chitini, pamene anzake akuphunzira kugawa. Tsiku la msika wina ali ndi beseni la mandasi. Makolo musamangodzudzulidwa, njala ndi yoona. Komabe dziwani kuti mlungu umene mwana wajomba mphunzitsi wa ana oposa 80 sangaubwereze chifukwa cha iye yekha.

4. Wamkulu akalimba mtima, mudzi umatembenuka. Theresa Kachindamoto adagwira ntchito ya ulembi pakoleji ina ku Zomba zaka 27 asadaitanidwe kwawo ku Mtakataka kudzalowa ufumu mu 2003. Adapeza atsikana a zaka 12 ali ndi makanda kumsana. Sadadikire bungwe lochokera ku Lilongwe. Adasonkhanitsa mafumu ake aang'ono nkugwirizana nawo kuti maukwati a ana athe, ndipo nyakwawa zololeza mchitidwewo adaziimitsa paudindo. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati oposa 800, ana nkubwerera m'kalasi. Ena adamuopseza, ena ankati akuphwanya mwambo. Chondigwira mtima ine si chiwerengerocho ayi, koma zimene zimatsatira. Mtsikana wobwerera kusukulu amakakhala pansi ndi ana omuchepera, akumunena kuti "mayi", mkaka ukudontha pa yunifolomu. Kuti apirire pamafunika gogo wotsala ndi khanda, amayi omuyendera akajomba, ndi mphunzitsi wodziwa kuletsa kalasi kuseka. Ntchito imeneyo mfumu singaigwire yokha.

5. Mbiri yosafunsidwa imapita ndi maliro. Ku Mua, komwe ansembe a White Fathers adakhazikitsa mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo osungira chikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo mpaka lero mlendo amakaonako za Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma nkhani za njanji zatsalira m'mitu ya okalamba, ndipo akutha. Aphunzitsi aakulu, simufunika ndalama pa ichi. Itanani agogo amene adagwirako ntchito pasiteshoni, muwapatse mpando pansi pa mtengo Lachisanu masana. Ana awafunse okha: tikiti ya ku Balaka inali ndalama zingati, sitima inkafika nthawi yanji, opita ku Joni ankatsanzikana bwanji ndi akazi awo. Mayankhowo alembe m'kope, kopelo lisungidwe muofesi.