Kwa inu ofuna kulondola miliri

Ana anga, ambiri mwa inu mukamanena za udokotala mumaona jekete loyera ndi wodwala pabedi. Ilipo ntchito ina imene ndikufuna muiganizire, ya munthu amene wodwala wake ndi mudzi wonse. Iyeyo amawerenga kuti adwala ndi angati, a zaka zingati, ochokera kuti, kenako n'kufunsa chifukwa chake. Tamverani za mayi wina wa ku South Africa, Pulofesa Quarraisha Abdool Karim, amene anabadwira ku Tongaat mu 1960.

Mu 1990, Edzi isanafike poipa kwawoko, mayiwa ndi amuna awo, a Salim Abdool Karim, anayeza magazi a anthu a m'midzi ya ku KwaZulu. Anapeza kuti atsikana akutenga kachilombo msanga, zaka zisanu kapena kuposerapo anyamata amsinkhu wawo asanayambe kukatenga. Owapatsira anali amuna achikulire. Uphungu wa masiku amenewo unali wakuti dziletseni, khulupirikani, valani kondomu. Nanga mayi wokhulupirika, amene mwamuna wake ndi woyendayenda ndipo kondomu safuna n'kuimva komwe, atani? Funso limenelo analisenza zaka makumi awiri, kufunafuna chinthu choti mkazi adziteteze nacho yekha.

Zaka zimenezo zinali zowawa. Mankhwala opaka ankayesedwa n'kulephera, ndipo ena, otchedwa nonoxynol-9, anapezeka kuti akuwonjezera ngozi kwa owagwiritsa ntchito pafupipafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2002 mayiwa anakhala nawo pokhazikitsa bungwe la CAPRISA ku Durban, ndipo mu 2010, pa msonkhano wa ku Vienna, analengeza zotsatira za amayi 889 a ku Durban ndi ku Vulindlela. Mankhwala opaka okhala ndi tenofovir anachepetsa kutenga kachilombo ndi 39 pa 100 alionse, ndipo mwa amayi amene ankapaka mosadumphitsa, ndi 54. Aka kanali koyamba kuonetsa kuti mankhwala a ARV angateteze mkazi amene alibe kachilombo.

Apa ndiye pamene ndikufuna mutchere khutu. Nambala ya 54 ija anaidziwa bwanji? Mwezi ndi mwezi mayi aliyense ankabweza timachubu topakira, totha ndi tosatha tomwe, ndipo wina ankakhala pansi n'kutiwerenga kamodzikamodzi. Dzina la wowerengayo simudzalimva, koma akanachita ulesi, manja onse amene anawombedwa ku Vienna akanawombera bodza.

Ndipo chimwemwecho sichinakhalitse. Kafukufuku wamkulu wotsatira, FACTS 001, mu 2015 anasonyeza kuti mankhwala aja sakuteteza, makamaka chifukwa atsikana ambiri sankatha kupaka nthawi zonse: kamodzi asanagone ndi mwamuna, kenanso atatha. Ofufuza sanabise zimenezi, ndipo sanadzudzule atsikanawo. Anamvetsa kuti mankhwala osagwirizana ndi moyo wa mwini wake ndi opanda ntchito. Ena anapitiriza njirayo. Amayi a ku Blantyre ndi Lilongwe anayesa nawo mphete yovala mkati yokhala ndi dapivirine, ndipo mu 2024 jakisoni wobaya kawiri pachaka, lenacapavir, anateteza atsikana onse amene anabayidwa m'kafukufuku wa ku South Africa ndi Uganda. Mayi Abdool Karim anakhala mtsogoleri woyamba wamkazi wa bungwe la akatswiri a sayansi la TWAS, koma ine chimene ndimawalemekezera n'chakuti sanalitaye funso lija la mu 1990.

Ambiri mwa inu mudzayamba ndi ganyu wolemba mayankho m'midzi. Mudzafika pakhomo lakhumi dzuwa lili paliwombo, mwini nyumba ali kudimba, ndipo mnzanu adzakunong'onezani kuti tingokhala pansi pa mtengo tidzaze tokha, alawansi ndi yomweyo. Mukane, ana anga. Nambala yopeka imeneyo idzakalowa mu lipoti, lipotilo lidzafika ku unduna, ndipo katemera adzapita kumudzi wolakwika. Lembani kuti simunawapeze, mawa mudzabwerenso. Masamu musawathawe kusukulu, chifukwa ndiwo adzakuuzani ngati zimene mwapeza n'zenizeni kapena zangochitika mwamwayi. Ndipo mayi akakuyankhani monyinyirika, ikani kaye cholembera pansi, mufunse chimene chikumuvuta.