Kodi ofesi ingasule mtsogoleri?

Mnzanga wina wogwira ntchito ku Rustenburg ananditumizira chilengezo cha ntchito, n'kundifunsa mwanthabwala kuti udindowo ndingautchule bwanji m'Chichewa. Kampani ina ya migodi ya platinamu inkafuna mkulu woti azikhala patebulo limodzi ndi akuluakulu ake. Ntchito yake ndi kusankha achinyamata ooneka anzeru, kuwaphunzitsa ndi kuwayendetsa m'madipatimenti osiyanasiyana kuti mawa adzagwire chiwongolero cha kampaniyo. Ndinayankha msanga kuti "mkulu wosula atsogoleri". Nditatumiza, liwu lomalizalo linandisowetsa mtendere.

Chingerezi cha m'makampani chimatcha mtsogoleri aliyense amene ali ndi anthu pansi pake. Ife timasiyanitsa. Bwana ndi amene umamuvulira chipewa chifukwa malipiro ako ali m'manja mwake. Kapitawo amayang'anira anzake m'malo mwa bwana. Mtsogoleri ndi wotsogola, amene amayamba kunyowa ndi mame panjira. Mumgodi munthu wotere amaoneka ndi maso: anthu asanayambe kubowola, wina amayamba walowa n'kugogoda denga ndi chitsulo, kumvetsera ngati mwala uli wogwedera. Kodi ofesi ingasule munthu wotere, kapena imangosula mabwana?

Sindikunyoza maudindo atsopanowa. Agogo anga anapita ku Joni ndi Wenela, ndipo m'masiku awo munthu wakuda sankaloledwa kukhala ndi chiphaso chophulitsira miyala. Lamulo limeneli linatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Akakwera kwambiri ankatchedwa "boss boy", mnyamata wa bwana, ngakhale ali ndi imvi. Choncho Mining Charter ya 2004 itanena kuti mamanejala 40 mwa 100 aliwonse akhale ochokera mwa anthu amene tsankho linawatsekereza, panafunikadi wina wokonzekeretsa olowa pakhomo limene linali lotseka kwa zaka zambiri. Kuwerenga mabuku a ndalama ndi kudziwa malamulo a chitetezo kumaphunzitsika, ndipo mgodi woyendetsedwa ndi mbuli umapha anthu.

Chimene chimandivuta ndi Marikana. Mu Ogasiti 2012 obowola miyala a kampani ya Lonmin ananyanyala ntchito, akufuna R12,500 pamwezi. Sanadalire bungwe lawo la NUM. Anakakhala pa kaphiri pafupi ndi Wonderkop n'kupempha kuti mabwana abwere adzalankhule nawo. Mmodzi mwa owalankhulira anali Mgcineni Noki, wodziwika kuti Mambush, wobowola miyala wochokera ku Eastern Cape amene ankafunda bulangete lobiriwira. Palibe ofesi imene inamusankha kapena kumusula. Anthu zikwi ankamumvera chifukwa ankapuma fumbi limodzi nawo. Pa 16 Ogasiti apolisi anawombera ndi kupha anthu 34, ndipo iye anali mmodzi mwa iwo.

Sindikumuyeretsa aliyense: masiku angapo izi zisanachitike anthu khumi anali atafa kale, kuphatikizapo apolisi awiri ndi alonda awiri a kampani. Koma komiti yofufuza ya Farlam, imene lipoti lake linatuluka mu 2015, inadzudzula Lonmin chifukwa chosayesetsa mokwanira kuthetsa mkanganowo. Kunavumbulukanso kuti pa nyumba 5,500 zimene kampaniyo inalonjeza, inamanga zitatu. Akuluakulu ake anali anthu ophunzira bwino. Chimene chinasowa ndi munthu woyenda mtunda waufupi uja kupita pa kaphiri.

Pa bodi ya Lonmin panali Cyril Ramaphosa, amene mu 1982 anali mmodzi mwa oyambitsa NUM ndipo mu 1987 anatsogolera sitiraka yaikulu ya m'migodi. Komiti ija sinamupeze wolakwa pa imfazo, ndipo sindikumutchula kuti ndimuzenge mlandu. Ndikumutchula chifukwa ngakhale munthu wosulidwa ndi antchito enieniwo, mpando ukasintha, amamva mawu a pansi pa nthaka kudzera m'makalata ndi malipoti. Ndiye kuli bwanji mnyamata wongochoka ku yunivesite, amene wasankhidwa ndi a pamwamba, akuyesedwa ndi a pamwamba, ndipo adzakwezedwa ndi a pamwamba omwewo? Nkhope yake idzapenya kumene kukuchokera mayeso ake. Sizitanthauza kuti ndi woipa mtima, wangophunzira bwino zimene anamuphunzitsa.

Ofesi ingamupatse luso, ingamupatsenso mpando. Chilolezo chotsogola chimachokera kwa otsatira, ndipo iwo safunsidwa pamene mayina a achinyamata aja akulembedwa. Ndikadakhala mkulu wosula uja, ndikadafunsa obowola miyala kuti mwa ophunzirawa ndani amene angalole kulowa naye kumalo kumene denga likukayikitsa. Mwina yankho lawo lingasokoneze mndandanda wonse.

Ndinalemberanso mnzanga uja kuti ndasintha maganizo, alembe "mkulu wosula mabwana" mpaka titaona zipatso zake. Anaseka. Ndinamufunsa ngati chilengezocho chikufuna munthu wodziwa Chixhosa, Chisotho kapena Chitswana, kapena amene anapondako ku Nkaneng, ku zisakasa za malata kumene ambiri mwa onyanyala aja ankagona. Anawerenganso n'kundiyankha kuti chikutchula digiri yachiwiri, zaka khumi za ntchito ndi laisensi yoyendetsera galimoto.