Minyanga Iwiri Pamapazi a Mfumukazi

Cifanizo ca munthu cikaimikidwa pa cipilala pakati pa tauni, cimakhala ndi lamulo limodzi kwa aliyense wodutsa: kweza mutu. Palibe amene amakufunsa ngati ufuna. N'cifukwa cake ophunzira a pa University of Cape Town analimbana ndi cifanizo ca Cecil Rhodes mpaka cinacotsedwa pa 9 April 2015. Ifenso kuno tinali naco cathu. Mu 1960 kampani ya Rhodes, British South Africa Company, inaimika patsogolo pa High Court ku Lusaka cifanizo ca munthu wokwera pa kavalo, cochedwa Physical Energy, cokumbukira mwini wakeyo. Titalandira ufulu sicinakhalitse. Anacitsitsa n'kupita naco ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Pa zifanizo zikuluzikulu zotere mtima wanga sugawanika: bwalo la anthu onse si malo a munthu amene anatilanda dziko.

Cimene candivuta ndi kacifanizo kakang'ono, kotalika ngati bolopeni, kamene sikangalamule munthu kukweza mutu cifukwa iweyo ndiwe umakayang'ana pansi. Kodi munthu angathe masabata atatu akumanga ndi kupenta mosamala nkhope ya munthu amene dzina lake linapweteka makolo ake, koma osakhala kuti akumulemekeza?

Kanga ndi ka Mfumukazi Victoria. Ndinakapeza pa salaula kuno ku Kafue, m'thumba la zidole zakale, pakati pa tumotoka topanda mawilo ndi zidole zothothoka tsitsi. Bokosi lake linali lofwifwa, lolembedwa Airfix, kampani ya ku England imene inachuka ndi tundeke twa pulasitiki tomanga wekha. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kampaniyi inkapanganso anthu a m'mbiri monga Henry VIII, Napoleon, Julius Caesar ndi Joan of Arc, pa muyeso wa 1:12, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kacifanizo iimira masentimita 12 pa munthu weniweni. Amayi ogulitsawo anati cidoleco n'cothyokathyoka, ndingowapatsa ya basi. Sanadziwe kuti cimabwera cothyoka dala.

Nchito yake ndi ya munthu wosafulumira. Tuzidutswa tumabwera togwirana pa kafelemu, ndipo umatudula kamodzikamodzi ndi lezala. Mutu umabwera pawiri, nkhope payokha, nkhongo payokha. Guluu wake samata monga ulimbo. Amasungunula pulasitiki pang'ono kuti mbali ziwirizo zilowane, ndipo ukacurukitsa, cala cako cimasiya cidindo pa tsaya la mfumukazi mpaka kalekale. Pamene mbali ziwiri zakumana pamatsala kamzere kamene umapala ndi sandipepa yosalala mpaka kazimirire. Kenako penti. Woyamba ndi wotuwa, wongoti winayo agwire. Khungu silikhala la mtundu umodzi: pamafunika kofiirira pansi pa cibwano, koyera pamphuno, kofiira pang'ono m'masaya, zonse zosungunula kwambiri, kupaka n'kudikira, kupaka n'kudikira. Maso ndinacita kudontheza ndi nsonga ya singano, nditagwira mpweya. Ndipo amene mukhala kufupi ndi Industrial Area mudziwa fumbi la kuno. Penti wosauma amaliitana, conco usiku uliwonse mfumukazi ya Britain inkagona yovundikiridwa ndi cidebe cosambira.

Mtsikana wina wa Giredi 11 atabweretsa mabuku a anzake kunyumba, anandipeza ndili pa maso amenewo. Anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana ine. "Ba ticha, si uyu munatiphunzitsa kuti anthu ake anatilanda dziko? Manje mumudzoza monga mwana wanu?"

Mau akuti kudzoza anandilasa, cifukwa mwanayo anagwira pamene pali nkhani. Kwathu kusamalira thupi la munthu ndi ulemu. Timasambitsa khanda, timadzoza mkwatibwi, timakonza maliro a amene timawakonda. Nthawi imene wapatsa cinthu imanena za mtima wako kuposa pakamwa pako. Ndiye munthu sangathawire m'mau akuti ndi pulasitiki cabe. Mbendera nayonso ndi nsalu cabe, koma yesani kupukutira nsapato.

Tiyeni tione kaye kuti mayi ameneyu ndi ndani kwa ife. Victoria analamulira kucokera mu 1837 mpaka 1901, ndipo sanapondepo dziko lino. Sanaone ngakhale Mosi-oa-Tunya, mathithi amene David Livingstone anawapatsa dzina lake mu 1855. Koma mu October 1889 kampani ya Rhodes inalandira cikalata cacifumu m'dzina lake, coipatsa mphamvu yocita mapangano, yosunga asilikali ndi yolamulira. Caka cotsatira Frank Lochner anafika ku Lealui kwa Litunga Lewanika. Lewanika ankafuna citetezo ca Mfumukazi monga cimene Khama wa ku Bechuanaland anali naco, ndipo Lochner anamulola kukhulupirira kuti akulankhula ndi mthenga wa Mfumukaziyo, pamene anali wanchito wa kampani yofuna miyala. Lewanika anasaina, napereka minyanga iwiri ikuluikulu ya njovu kuti ikhale mphatso ya Mfumukazi. Minyangayo inakathera m'cipinda ca misonkhano ca akuluakulu a kampani ku London. Pa mapepala onga amenewo kampaniyi inaimika umwini wake wa miyala ya pansi pa nthaka yathu, n'kumadya ndalama za mkuwa wa ku Copperbelt, dera limene Lewanika sanali kulilamulira n'komwe, mpaka usiku woti mawa ndi ufulu mu 1964, pamene inalipidwa mapaundi 4 miliyoni kuti isiye. Kum'mawa nkhani sinali ya mapepala. Mu 1898 asilikali okhala ndi mfuti za Maxim anagonjetsa Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi, ndipo mwana wa mfumu, Nsingo, anaomberedwa pamaso pa anthu ake. Tauni imene inamangidwa kumeneko inachedwa Fort Jameson, dzina la bwenzi la Rhodes, kufikira pamene tinaicha Chipata.

Victoria sanagwire mfuti. Mwina za Nsingo sanazimve n'komwe. Koma dzina lake ndilo linali kiyi yotsegulira zitseko zimene dzina la Rhodes silikanatsegula, ndipo iye sanakane kubwereketsa kiyiyo. Mwini nkhwangwa amene amaibwereketsa kwa munthu wodziwika kuti amadula mitengo ya eni, sangati ine ndinali m'nyumba.

Ndiye ndimupente bwanji? Mnzanga wina wa m'stafu anapereka nzeru imene acinyamata ambiri angaikonde: maso ofiira, mano a fisi, magazi m'manja. Ndinakana, osati cifukwa comumvera cisoni mayiyo, koma cifukwa cithunzi cotere ndi bodza limene limatipusitsa ife eni ake. Lewanika sanali citsiru. Akanabwera munthu wa mano a fisi, akanamuthamangitsa. Anabwera munthu waulemu, wonyamula mphatso ndi pepala, akuchula dzina la mayi wopemphera, wamasiye, wa ana 9, amene amishonale ankamunena zabwino. Coopsa cinavala nkhope yabwino, ndipo ndiyo nkhope imene mwana wa sukulu afunika kuizindikira. Tikaphunzitsa ana kuti wolanda dziko amaoneka ngati cilombo ca m'filimu, adzakula akuyembekezera cilombo, pamene munthu wa suti yoyera ndi bolopeni yagolide wadutsa kale ndi pepala la munda wa agogo awo. Amene mumamva nkhani za malo ogulitsidwa mwakabisira m'mbali mwa mtsinje wa Kafue ndi m'midzi ya mafumu mudziwa kuti njira ya Lochner sinafe naye.

Conco ndinamupenta monga mmene ojambula a nthawi yake anamuonetsera: khungu losalala, maso odekha, cisoti cowala. Apa ndi pamene ndimasiyanitsa kulemekeza ndi kuyang'anitsitsa. Wolemekeza amasankha zoona, zina n'kuzibisa. Woyang'anitsitsa safuna kuti kanthu kamuphonye. Dokotala amene amapima kacilombo ka malungo pa makina ake amakasamalira kwambiri, amakapaka ndi mtundu kuti kaoneke bwino, koma palibe amene amati akukakonda.

Komabe yankho limeneli palokha silinandikhutiritse, ndipo mtsikana uja akanakhala ndi ufulu wolikana. Kucepetsa cinthu kumacikometsa. Mkango wa pulasitiki mwana amagona nao. Ufumu umene unameza gawo lalikulu la dziko lapansi ukalowa m'dzanja limodzi, umasanduka kokongola, koika pa shelefu pafupi ndi maluwa. Ndiponso bokosi lija lili ndi maganizo ake. Amene analikonza anasankha zoikamo: cisoti cilimo, mkanjo ulimo, pepala la malangizo likuuza mtundu wa penti wa ciliconse. Lochner mulibe. Ng'ombe za Angoni mulibe. Mwana wa ku England amene anamanga kacifanizo aka zaka makumi angapo zapitazo anatsatira malangizo onse, n'kutsiriza ndi mfumukazi yoyera m'manja, popanda bodza lililonse limene iye ananena. Bodza linali m'zimene bokosi linasiya. Ndikanatsatira malangizo okhawo, ndikanakhala nditabwereza nkhani ya eni bokosi ndi manja anga, m'nyumba yanga, mtunda wocepa cabe kucokera pa mlatho wa njanji wa 1906 umene unamangidwa kuti njanji ya maloto a Rhodes iwoloke Kafue kupita kumene kunali miyala.

Ndinatenga mpini wa mswaci wakale woyera, n'kusema tuminyanga tuwiri, n'kutupinda pa moto wa kandulo, n'kutumata pamapazi pake. Tulibe magazi, tulibe mau olembedwa. Koma aliyense wolowa m'nyumba amafunsa funso limodzimodzi: nanga minyanga iyi ndi ya ciani? Akafunsa, Lewanika amalowa m'cipinda. Mphatso ija yafika kwa mwini wake mocedwa ndi zaka zoposa 130, ndipo yafika ngati umboni pa mlandu. Kacifanizo kakang'ono kamalola zimenezi. Cifanizo ca pa cipilala sungacionjezere kanthu popanda cilolezo ca khonsolo. Ungacigwadire kapena kucigwetsa basi. Ka m'dzanja ungakatembenuze, ungakaone kumsana, ungakaikire pambali zimene eni ake anabisa.

Zonsezi n'zosavuta pamene munthuyo ndi mlendo wakufa kalekale. Palibe wa m'komboni mwathu amene amalira Victoria. Mayeso enieni anabwera ndi a mdala ena oyandikana nafe, amene anagwira nchito ya ufitala ku Nitrogen Chemicals kuyambira ali mnyamata mpaka kupuma. Ataona mfumukazi ija anati, "Aphunzitsi, manja muli nao. Lekani azungu, tipangireni KK. Waya ndi simenti ndibweretsa ndine."

Kwa anthu a Kafue, a Kenneth Kaunda si mutu wa m'buku la mbiri. Tauni ino monga tiidziwa inamangidwa m'nthawi yao: Nitrogen Chemicals imene inayamba kupanga mu 1970, Kafue Textiles imene zitenge zake amayi athu anaberekera ife, nyumba za ku Estates zomangira anchito a m'mafakitale amenewa. A mdalawa anaphunzitsa ana awo onse ndi malipiro a pafakitale, ndipo anaona ndi maso mmene tauni inazizirira pamene makina a nsalu analeka kulira. Kwa iwo KK ndi suti ya safari, kansalu koyera m'dzanja, ndi utsi wotuluka pa cumuni. Ndi munthu amene mu 1991 atagonja kwa a Frederick Chiluba anacoka pampando mwamtendere, cinthu cimene atsogoleri ambiri a mu Africa cinawakanika.

Koma ndi KK yemweyo amene anali nduna yaikulu mu 1964 pamene asilikali anapha anthu mazanamazana a chalichi ca Lumpa ca Alice Lenshina ku Chinsali ndi ku Lundazi. Ndi yemweyo amene mu February 1972 analetsa cipani ca UPP n'kutsekera bwenzi lake la paubwana, a Simon Mwansa Kapwepwe, ndipo caka cisanathe dziko linakhala la cipani cimodzi. Akuluakulu amakumbukira masankho amene pa pepala lovotera panali munthu mmodzi yekha, wopikisana naye ali cithunzi ca cule.

Ndinawauza a mdalawo kuti ndidzapanga, ndipo ndidzaika mtima wonse pa nkhope, pa tsitsi lija loimirira, pa kansalu koyera. Pamapazi ndidzaika cumuni ca fakitale monga afunira. Koma pambali pa cumunico padzakhala kacule.

Anakhala cete nthawi yaitali. Kenako anati mfumukazi ija inali mlendo wodzadya, koma KK ndi tate, ndipo tate savulidwa pagulu. Ndinawayankha kuti ngati minyanga ili yoyenera pamapazi a mlendo, sindiona njira yokanira cule pamapazi a tate, cifukwa ana a a Kapwepwe ndi adzukulu a anthu a Lumpa naonso ndi a m'nyumba yomweyi. Iwo anati munthu wobadwa dzulo, amene sanaone mzungu akugulitsira munthu wakuda nyama pa windo, sangayeze KK pa sikelo. Pamenepo ananena zoona zimene sindingazitsutse: ine ufulu ndinaupeza wophikaphika.

Waya anabweretsa ndithu, wokhuthala bwino, wa m'zotsala za ku Industrial Area, ndipo mafupa a kacifanizo aimirira kale pa thebulo, dzanja lamanja lili m'mwamba kudikira kansalu. Loweruka lapitali anabwera kudzaona. Anatola kacule kamene ndinaumba ndi dothi la kumtsinje, nakatembenuza m'manja mwao mwa zipsera za spanala, nati miyendo yakumbuyo ndaifupikitsa, cule weniweni sakhala conco. Anakakonza okha ndi cala. Za pamene kadzakhale sitinagwirizanebe: iwo akuti kumbuyo kwa nsapato, ine ndikuti kutsogolo.