Fizi, Lendi ndi Chikumbumtima

Dzino ndi kanthu kakang'ono, koma likayamba kuwawa pakati pa usiku ngakhale mfumu imabuula ngati mwana. Ambiri a ife timadziwa mankhwala amodzi okha a dzino lobooka, ndiwo kulizula. Sikuti mano onsewo sakadatheka kumatidwa ai, koma odziwa kumata ndi ochepa. Pamene kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malaŵi muli anthu oposa 17 miliyoni, madokotala a mano sankafika ngakhale makumi asanu, ndipo onsewo adaphunzira kunja, ena ku Muhimbili mumzinda wa Dar es Salaam, ena kutsidya kwa nyanja. Ntchito yambiri m'zipatala za m'maboma idali m'manja mwa othandiza awo, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences.

Tsono mwana akanena kuti afuna kukhala dokotala wa mano, akufuna chinthu chabwino. Mpingo sunyoza ntchito imeneyi: pa 9 Febuluwale timakumbukira Apolonia Woyera wa ku Alexandria, amene adamgulula mano asanafere chikhulupiriro m'chaka cha 249, ndipo ndiye nkhoswe ya odwala mano ndi ya owachiza. Koma chinthu chabwinochi chili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndiwo ufunika kuuyesa pa sikelo ya chilungamo.

Titenge dziko la England. Kuyambira 2017 mpaka 2024 mwana wa konko ankalipira mapaundi 9,250 pa chaka pasukulu yaukachenjede. Mlendo wophunzira za mano, wokhala pa benchi lomwelo ndi kumvera mphunzitsi yemweyo, m'sukulu zambiri amalipitsidwa mapaundi oposa 40,000 pa chaka, ndipo maphunzirowo ndi a zaka zisanu. Awo ndi mapaundi 200,000, mwanayo asanadye, asanagone. Mu Januwale 2025 boma la Britain lidalamula kuti wofuna chiphaso chokaphunzirira ku London aonetse kuti ali ndi mapaundi 1,483 a mwezi uliwonse kwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo wopita kumizinda ina aonetse 1,136. Ganyu amaloledwa, koma osapitirira maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu. Ndipo wophunzira amene watha tsiku lonse ataweramira m'kamwa mwa odwala angaapeze kuti maola amenewo?

Tisafulumire kukuwa kuti wakuba. Kuphunzitsa dokotala wa mano nkodula ndithu. Wophunzira aliyense amafuna mpando wake wa makina, zida zowiritsa, mankhwala omatira, ndi mitu yachidole yoyeserera asanakhudze munthu wamoyo. Akayamba kugwira odwala, mphunzitsi mmodzi sangayang'anire khamu. Ayenera kuima pafupi ndi ophunzira owerengeka. Komanso makolo a mwana wa konko akhala akukhoma msonkho umene umathandiza sukuluzo, pamene makolo a mlendo sadakhomeko. Kuti mlendo alipire mtengo wonse wa zimene walandira, palibe tchimo.

Funso lagona pa zimene zapitirira pamenepo. Sukulu za ku Britain sizibisa kuti ndalama za alendo ndizo zimatseka mipata ina ya chuma chawo. Apa ndi pamene Tomasi Woyera wa ku Aquino angatifunse mafunso. Iye adaphunzitsa kuti wogulitsa angathe kukweza mtengo ngati kutaya chinthucho kukumpweteka iye mwini, koma sayenera kukweza chifukwa chakuti wogulayo ali pa usiwa waukulu, popeza usiwa wa mnzako si katundu wako woti ugulitse. Mwana wochokera kudziko losowa madokotala sapita kukatsatsa malonda. Amapita chifukwa kwawo kulibe malo. Ine ndiona kuti kumlipitsa zoposa mtengo wa maphunziro ake, kuti otsalawo athandize ana a dziko lolemera, ndiko kutunga madzi pachitsime cha mmphawi kukathirira dimba la mwinichuma. Lamulo likhoza kulola zimenezo, koma si zonse zololedwa ndi lamulo zimene zili zolungama.

Nkhani ya malo ogona ndiyo imandiwawa koposa, chifukwa pamenepo mlendo sakumana ndi ofesi, akumana ndi munthu mnzake. Kwa zaka zambiri eni nyumba ku Britain akhala akufuna kuti wophunzira abweretse munthu wokhala konko womuimira ngati atalephera lendi. Mlendo wongotsika ndege alibe malume ku Leeds kapena ku Cardiff, choncho ambiri ankauzidwa kuti alipiriretu lendi ya miyezi isanu ndi umodzi, mwinanso ya chaka chonse. Mu 2022 nyumba zidasowa kwambiri ku Glasgow kotero kuti sukulu yaukachenjede ya kumeneko idachenjeza ophunzira opanda pogona kuti asayambe abwera. Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi adaiona kale nkhani yotereyi. M'kalata yake ya Populorum Progressio ya 1967 adapempha kuti mabanja ndi nyumba zogonamo achinyamata zichuluke zolandira alendo, makamaka ophunzira ochokera kumaiko osauka, kuti asavutike ndi kusungulumwa ndi kutaya mtima. Sadautche udindowu ufulu wongochita ukafuna; adauika pamodzi ndi chikondi chachikhristu.

Ndipo tisaloze chala kutsidya kokha. Ku Chikanda ku Zomba, ndi m'madera ozungulira sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe, muli zipinda zimene adamangira munthu mmodzi koma mwagona ophunzira anayi, aliyense akulipira payekha. Eni ake ena timakhala nawo mumphakati, ndipo Lamulungu amaimba nafe. Nyumba ndi yawo, lendi ndi thukuta lawo, palibe wotsutsa. Koma amene amakweza lendi atangomva kuti hositelo yadzaza, nayenso wagulitsa usiwa wa mwana wa mnzake. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Makolo nawonso ali ndi mlandu wawo woti aupende. Ambuye Yesu, pa Luka 14, adanena za munthu wofuna kumanga nsanja amene ayenera kuyamba wakhala pansi kuwerengera ndalama zake. Banja limene mu Okutobala 2023 lidali litasonkhanitsa makwacha okwanira fizi ya chaka, mu Novembala lidadzuka ndalamazo zitafota, pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola nkuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pamenepo ena amagulitsa munda, ena amalowa katapila, ena amasiyitsa sukulu mwana wamkazi kuti mchimwene wake amalize. Kudzimana chifukwa cha mwana ndi chikondi. Koma munda umene wagulitsidwawo unali wa ana onse, ndipo mtsikana wasiya sukuluyo palibe adamfunsa. Nsembe yabwino ndi imene munthu apereka zake. Kupereka tsogolo la mwana wina popanda iye kuvomera ndi nkhani ina.

Nanga mwanayo akamaliza, ngongole yake nja yani? Akabwerera kumudzi, malipiro a m'boma sangabweze mapaundi aja ngakhale atagwira ntchito mpaka imvi. Akakhala konko, adzawombola munda, adzaphunzitsa azing'ono ake, koma agogo a ku Nsanje kapena ku Chitipa adzapitiriza kugona ndi tsaya lotupa. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, mu Gaudium et Spes, udavomereza ufulu wa munthu wosamukira kudziko lina, komanso udachenjeza za kumana anthu a kwanu chithandizo chimene akuchisowa. Zonse ziwirizi nzoona, ndipo sindingamuweruze msanga mwana amene wapanikizika pakati pa izo. Amene adaphunzira ndi ndalama za boma kapena za mpingo atalonjeza kubwerera, ameneyo abwere, lonjezo ndi ngongole. Amene adalipiriridwa ndi munda wa makolo ali ndi ufulu wokulirapo, ngakhale kuti mphunzitsi wake wa Sitandade 1 ndi namwino amene adambaya katemera adalipidwa ndi msonkho wa anthu omwe aja otupa masaya.

Mu 2019 College of Medicine ku Blantyre, mothandizana ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano kuno kwathu, ndipo maphunzirowo adalowa mu Kamuzu University of Health Sciences pamene idakhazikitsidwa mu 2021. Mwana wa ku Dedza tsopano angathe kuphunzira kumata dzino osaona paundi ndi imodzi yomwe. Malo ndi ochepa, ndipo ena adzapitabe kunja. Koma kaya waphunzira ku Blantyre kaya ku London, tikamuitana kuti akatumikire kuchipatala cha boma kumudzi, akapezeko mpando wogwira ntchito, magetsi ndi mankhwala omatira. Tikampatsa chozulira chokha, zaka zisanu zija adzazigwiritsa ntchito yozula mano amene adaphunzira kupulumutsa.