Mbale Yasweka, Kapena Ndaswa Mbale?

Nchito yanga ndi kuwerenga mawu a anthu ena. M'mawa ndikafika ku wailesi ndimapeza timapepala pa tebulo: uthenga wa maliro, wa ng'ombe yosokera, wa msonkhano wa makolo ku sukulu, wa tsiku la katemera. Ena amabwera m'Cipwitikizi ndipo ndimawamasulira, ena amalembedwa pa pepala long'amba m'kope la mwana. Kwa zaka zambiri ndinkadziona ngati lipenga cabe. Ndinkati mlandu wa mawuwo ndi wa mwini pepala, ine langa ndi liwu lokha.

Caka cina kunabwera kapepala kocokera ku mudzi wina wa kufupi ndi malire a Zambia. Kumeneko banja lililonse linkasonkha kangacepe mwezi ndi mwezi kuti mjigo ukawonongeka pakhale pogwira. Mjigo unawonongekadi, ndipo kapepalako kanati: "Tikudziwitsa anthu onse kuti ndalama za mjigo zasowa, conco mjigo sukonzedwa mwezi uno." Ndinawerenga katatu tsiku limenelo, monga ndimacitira ndi uthenga uliwonse, n'kuiwala.

Patapita masabata awiri, mayi wina wokalamba anandipeza pa msika ku Fíngoè. Atandipatsa moni anati, "Mwanawe, ndiwe uja unati ndalama zasowa? Tandiuze, kodi ndalama zili ndi miyendo?"

Ndinayankha kuti, "Ambuya, ine ndinangowerenga zimene zinalembedwa."

Iwo anati, "Amene analembayo ankadziwa cimene anasiyira dzina. Nanga iwe unkadziwa cimene unali kuwerenga?"

Mdzukulu wawo, mnyamata wamasiye, ndiye ankasesa pa mjigo paja. Masiku omwewo anali atagula nsapato ndi ndalama za ganyu wa ku Zambia. Anthu atamva pa wailesi kuti ndalama zasowa, anayang'ana nsapato zija n'kuweruza okha mlandu. Pambuyo pake, pa bwalo la amfumu, zinadziwika kuti wosunga ndalamayo ndiye anadzibwereka kuti agule feteleza, akumati adzabweza akagulitsa cimanga. Yemweyo ndiye analemba kapepala kaja. Koma pofika nthawiyo mnyamata uja anali atapita kwa abale ake kutsidya kwa malire, ndipo sanabwererenso.

Funso limene lakhala likundivuta kucokera tsikulo ndi ili: kodi ndinaulutsa bodza? Liwu lililonse la m'kapepalako linali loona. Ndalama kunalibedi. Mjigo sunakonzedwedi. Nanga bodza linali pati? Yankho sindinalipeze m'malamulo a nchito yathu. Ndinalipeza m'phunziro limene ndili mwana ndinkadana nalo, la malamulo a ciyankhulo.

Ine ndinaphunzira kuwerenga Cinyanja ku Ukwimi, m'boma la Petauke, kumene makolo anga anathawira nkhondo pamodzi ndi anthu ambiri a kuno kwathu. Titabwerera mu 1994 ndinalowa sukulu ya Cipwitikizi cokhacokha. Aphunzitsi ankalemba ciganizo pa bolodi, ife n'kumadula mizere kunsi kwa sujeito ndi predicado, n'kumaloweza maverbo ngati nyimbo. Ndinakula ndikukhulupirira kuti gramática ndi katundu wa Cipwitikizi, ndipo Cinyanja timangociyankhula monga mmene timapumira. Sindinkadziwa kuti m'zaka zomwezo, kuyambira 1993 mpaka 1997, m'cigawo cathu ca Tete boma linali kuyesa kuphunzitsa ana ena m'Cinyanja ndi Cipwitikizi pamodzi, monganso linkacitira ndi Cicangana ku Gaza. Maphunziro a zinenero ziwiri anadzayamba kufalikira mu 2003, ine nditasiya kale sukulu.

Mnzanga wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, ndiye ananditsegula maso nditamufotokozera za ambuya aja. Anatulutsa buku la sukulu losindikizidwa ku Malawi, mmene ndinaona koyamba mayina a zinthuzi m'cinenero cathu: dzina, mneni, mfotokozi, mlowam'malo, muonjezi, mlumikizi. Kenaka analemba ziganizo zitatu:

Ndaswa mbale.
Mbale yaswedwa.
Mbale yasweka.

Mbale ndi imodzi, zidutswa zili pansi ndi zomwezo, koma tamverani kusiyana kwake. M'ciganizo coyamba wocita ali poyera, wakhala kumayambiriro kwenikweni kwa mneni, m'kaphatikizo kaja ka "nda-". M'caciwiri mneni walandira "-edw-", umene buku lija limaucha msintho wocitidwa. Wocita wabisika, koma mpando wake ulipo, ndipo mungathe kumukhazikapo: mbale yaswedwa ndi mwana, yaswedwa ndi galu. M'cacitatu mneni walandira "-ek-", msintho wocitika, ndipo apa ngakhale mpandowo wacotsedwa. Palibe Mnyanja amene anganene kuti "mbale yasweka ndi mwana" pofuna kuchula amene waiswa. Khutu limakana lokha. Mnzangayo anati akatswiri a zinenero, monga Sam Mchombo wa ku Malawi amene mu 2004 anatulutsa buku lofotokoza kapangidwe ka ziganizo za Cicewa, amanena zomwezo: msintho umenewu umangouza mmene cinthu ciliri, sulola kuchula wocita.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mwininkhani wa ciganizo ndi wocita si munthu mmodzi nthawi zonse. Mu "ndalama zasowa", mwininkhani ndi ndalama. N'cifukwa cake mneni wayamba ndi "za-", kugwirizana ndi gulu la dzinalo. Ciganizoco n'cathunthu, mphunzitsi aliyense angacicongere. Koma munthu mulibe. Ambuya aja, amene sanapondepo m'kalasi, anaona mpatawo msanga kuposa ine wa ku sekondale. Funso lawo la miyendo linali funso la gramática.

Cinenero cathu cili ndi njira zambiri zocotsera munthu m'ciganizo. Timati katundu watayika m'malo moti ndataya katundu. Timati njinga yawonongeka m'malo moti ndawononga njinga. Tilinso ndi "a-" uja wopanda nkhope: andibera, akuti kulibe, anena kuti mubwere mawa. Andani? Palibe amafunsa. Cipwitikizi naco cili ndi zake: partiu-se o prato, o dinheiro desapareceu, foi decidido. Inu amene mumawerenga mbali zonse ziwiri za kabuku kano, yesani kuwerenga makalata a m'maofesi mukufunafuna wocita, muone kuti mumupeza kangati. Koma cinenero comweco cilinso ndi njira yomubwezera munthuyo. Msintho wocititsa ukalowa, "kusowa" kumasanduka "kusowetsa", "kugwa" kumasanduka "kugwetsa", ndipo pomwepo pakamwa pamafuna dzina: wasowetsa ndani? wagwetsa ndani?

Tsono kodi tinene kuti ciganizo ciliconse cobisa wocita n'coipa? Poyamba ndinaganiza conco, ndipo ndinkafuna kukana kapepala kalikonse kopanda dzina. Koma ndinadzaona kuti ndikulakwanso, pa zifukwa zitatu.

Coyamba, nthawi zina wocita kulibedi, kapena sitikumudziwa. Mphika wakale umasweka wokha pa moto. Cingwe cimaduka cifukwa catha. Munthu amene amafuna wocita pa ciliconse amathera kwa sing'anga, ndipo tonse tikudziwa nkhalamba zimene zalozedwa zala cifukwa mwana wadwala malungo. Pamenepo "-ek-" amanena zoona kuposa ciganizo cokhala ndi dzina. Ndiponso ine wa pa wailesi ndikachula munthu popanda umboni, ndamupha ali moyo.

Caciwiri, pali kubisa kwa cifundo. Mwana wa zaka zisanu akagwetsa mbale pamaso pa alendo, mayi ake amati, "Yasweka, tola zidutswazo." Mayiyo waona zonse, koma wasankha kumucotsera mwana katundu amene sangathe kusenza. Mkamwini akathyola khasu la apongozi, apongozi aulemu amati lathyoka, linali lakale. Awa si mabodza. Onse awiri akudziwa cimene cacitika, ndipo wobisidwayo amamva kuti wakhululukidwa.

Cacitatu n'colemera kwambiri. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, boma linakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu ya nkhondo, ndipo anthu anabwerera ku midzi kukakhala moyandikana ndi ena amene anagwirapo mfuti mbali iyi kapena iyo. Mvetserani mmene akulu athu amasimbira za nthawiyo. Amati nyumba zinapsa, ng'ombe zinatengedwa, anthu anaphedwa, mudzi unabalalika. Kawirikawiri sachula dzina, ngakhale ena amalidziwa bwino lomwe. Ndili mnyamata ndinkayesa mantha. Lero ndikuona kuti ziganizo zimenezo zinathandiza kuti anthu atunge pa citsime cimodzi ndi kukwatirana ana. Sindinganene kuti mtengo wake unali wocepa, pakuti alipo amasiye amene sanamvepo wina akunena kuti "ndinalakwa". Koma sindingaweruze amene anasankha kuyankhula motero kuti mudzi umangikenso.

Ngati zili conco, tisiyanitsa bwanji kubisa kwabwino ndi kubisa koipa? Ine ndapeza mafunso awiri. Loyamba: kodi woyankhulayo akubisa mnzake kapena akudzibisa yekha? Mayi uja akubisa mwana. Wosunga ndalama uja ankadzibisa yekha. Cifundo ndi mphatso imene umapatsa wina, sungadzipatse wekha ndi colembera cako. Laciwiri: mpando wa wocita ukasiyidwa wopanda munthu, adzakhazikidwapo ndani? Ici n'cimene sindinkaciona. Ciganizo cingathe kukhala copanda wocita pa pepala, koma m'mutu mwa womvera sicikhala conco. Womvera amadzaza yekha mpatawo, ndipo sadzaza ndi dzina la munthu wamphamvu. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wosunga ndalama anali pa mkhate: munthu wolemekezeka, wa abale ambiri. Mnyamata wamasiye analibe pokhala, ndipo mwala unagwera iye.

Pamenepa ndiye pali yankho la funso langa. Kapepala kaja kanalibe liwu labodza, komabe kanali bodza, cifukwa kanalembedwa ndi munthu wodziwa wocita, n'colinga coti omvera aganizire wina. Bodzalo linali m'kapangidwe ka ciganizo. Ndipo ine ndinalisenza n'kulifikitsa m'nyumba iliyonse imene munali wailesi. Kwa nthawi yaitali, ndikamasimba nkhaniyi ndinkati "uthengawo unawerengedwa pa wailesi". Onani mmene nanenso ndinkathawira mu "-edw-". Ciganizo coona n'cakuti ndinawerenga uthengawo osafunsa.

Masiku ano kapepala kotere kakabwera ndimamufunsa wobweretsayo: zasowa m'manja mwa yani? Sindifuna dzina la wakuba, pakuti imeneyo ndi nchito ya bwalo. Ndimafuna dzina la woyankha. Akavomera, uthenga umamveka motere: "Komiti ya mjigo ikudziwitsa kuti ndalama zimene inkasunga sizikuoneka, ndipo idzafotokoza pa msonkhano Loweruka kwa amfumu." Palibe amene wanamiziridwa, koma tsopano ciganizo cili ndi mwini, ndipo anthu akudziwa khomo lokagogoda. Ena amakwiya n'kubwerera ndi pepala lawo. Amene amakwiya kwambiri ndi amene amandiphunzitsa kuti funsolo linali loyenera.

Kwa inu aphunzitsi a m'sukulu zathu, kaya ku Malowera, ku Chiputo, ku Chipera kapena ku Fíngoè, pempho langa ndi ili. Mukamaphunzitsa mitundu ya mawu ndi magawo a ciganizo, m'Cinyanja kapena m'Cipwitikizi, musalekere pa kudula mizere. Mwana akapeza mwininkhani, mufunseninso kuti, "Nanga wocita ali kuti? Ngati palibe, wacotsedwa cifukwa ciyani?" Mwana wozolowera funso limeneli akadzakula adzamva "mankhwala atha", "thandizo lacedwa", "malire a munda asunthika", ndipo adzadziwa kusiyanitsa pamene palibedi wolakwa ndi pamene wina wadzifufuta.

Ndipo kwa ife makolo, phunziroli limayambira pakhomo. Mwana wanga wamkazi tsiku lina anabwera kucokera ku mjigo n'kunena kuti, "Atate, cidebe cang'ambika." Ndinangomuyang'ana osayankha. Anaweramitsa mutu, kenaka anati, "Ndacigwetsa pa mwala." Sindinamukalipire. Ndikanamukalipira, ndikanamuphunzitsa kuti "nda-" ndi msampha, ndipo mawa akanabwereranso ku "ca-". Ndinamuuza kuti cidebeco cinali cakale, cang'ambika, tigula cina. Iye ananena mbali yake, ine ndinanena yanga.

Ambuya aja anamwalira caka catha. Uthenga wa maliro awo unafika pa tebulo langa, ndipo ndinauwerenga ndine. Pakati pa mayina a abale oitanidwa panali la mdzukulu wawo wa kutsidya kwa malire. Ndinalichula kawiri, pang'onopang'ono, kuti ngati akumvera amve bwino.