Mkangano Umodzi, Madandaulo Ambiri

Banja likatha ku Nambuma, ku Nsaru kapena kwa Kabudula, silitha lokha. Mkamwini amachoka pamudzi atasiya chigafa chimene anamanga yekha, fodya amene sanapite ku okushoni ku Kanengo, ndi ngongole ya feteleza ya kukalabu imene anatenga m'dzina la banja. Mayi nayenso ali ndi zake: fizi ya ana, mbuzi zimene bamboyo anagulitsa mwamseri, ndi chipsera cha pachipumi. Kodi apa pali mlandu umodzi kapena isanu ndi umodzi? Funsoli limaoneka ngati la akalaliki a kukhoti amene amalandira mapepala, koma pansi pake pagona nkhani yaikulu, yakuti chilungamo chiziona munthu ndi moyo wake wonse kapena chizimuduladula kuti chimuone bwino. Ine ndikuti madandaulo otuluka mumkangano umodzi ayenera kumvedwa pamodzi, koma lililonse ligamulidwe palokha, ndipo mbali yachiwiriyi ndiyo imene timaiiwala.

Bwalo la kumudzi silivutika ndi mbali yoyambayo. Ankhoswe akalephera, nkhani imapita kwa anyakwawa, mwina mpaka kwa agulupu, ndipo kumeneko munthu amaloledwa kuyamba kumene nkhani inayambira, ngakhale ndi chaka cha njala ya 2002. Sikuti mafumu alibe chochita. Amadziwa kuti anthu akukanganawa adzatungabe madzi pamjigo umodzi ndipo adzaikana m'manda amodzi, choncho chimene chatsala mumtima lero chidzaphulika pamaliro mawa. Makhoti a boma anafika pamfundo yomweyi kudzera njira ina, ya ndalama ndi nthawi. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu yosakhala yaupandu ku High Court, amene anayamba kugwira ntchito mu 2017 m'malo mwa aja tinkabwereka ku England, amalola wodandaula kuika zopempha zingapo m'samani imodzi, amalola woyankha kubweza dandaulo lake mumlandu womwewo, ndipo amapatsa woweruza mphamvu yophatikiza milandu imene funso lake ndi limodzi. Dziko lonse linaona izi mu 2019, pamene madandaulo a Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera okhudza chisankho cha pulezidenti anaphatikizidwa, oweruza asanu nkupereka chigamulo chimodzi pa 3 February 2020. Akanamvedwa m'zipinda ziwiri, khoti limodzi likanatha kunena kuti chisankho chinayenda bwino, lina nkuchithetsa.

Lamulo limapitirira apo. Mlandu wa Henderson v Henderson, umene unagamulidwa ku England mu 1843, unasiya mfundo imene makhoti otsatira malamulo a Chingelezi amaigwiritsabe ntchito, yakuti amene wabwera kukhoti abwere ndi nkhani yake yonse, asasunge ina m'thumba kuti adzaitulutse akagonja. Mfundoyi imateteza wosauka kuposa wolemera. Mwini esiteti angathe kusumira munthu chaka chino za ngongole, chaka chamawa za malire, chaka chinacho za mitengo, osati kuti apambane koma kuti amutopetse. Kwa mlimi wa ku Nambuma, tsiku lililonse la kukhoti ku Lilongwe ndi ndalama ya kabaza ndi minibasi, ndi ya mboni zake zomwe, ndiponso tsiku limene nazale yagona osathiriridwa. Wina anganene kuti kwathu kuno mlandu suola, ndiye nkuwatsekeranji pakhomo mayi amene sanaphunzire, amene analibe loya, amene sankadziwa nkomwe kuti mbuzi zija akanatha kuzitchula? Kutsutsa kumeneku kuli ndi mphamvu, ndipo Angelezi eni ake anakumva. Mu 2000, pamlandu wa Johnson v Gore Wood, khoti lawo lalikulu linati funso lenileni si lakuti nkhaniyo ikanatheka kunenedwa kale, koma lakuti kuibweretsa tsopano ndi kuseweretsa khoti kapena ayi. Kwathu gawo 41 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wofika kukhoti ndi kulandira thandizo lenileni. Ndiye kuti udindo uli pa woweruza. Akaona munthu waima yekha, amufunse ngati pali china chimene chatsala asanatseke mlandu.

Kutsutsa kwina nkolemera kuposa apa. Zinthu zikaunjikidwa pamodzi zimayamba kufafanizana. Amene anakhalapo pabwalo amadziwa mathero aja akuti nonse mwalakwa, gwiranani chanza. Bambo anamenya, koma mayi anatukwana apongozi, bambo sanalipire fizi, koma anasiya chigafa, basi zafanana. Mtendere wotere umagulidwa ndi wofooka. Ngongole ya ndalama ingathe kuchotseredwa pa ngongole inzake, chifukwa kwacha ndi kwacha. Koma chisamaliro cha mwana ndi cha mwanayo, si cha mayi ake, ndipo sichingalipire cholakwa cha mayi. Bala la pathupi nalonso si ndalama yoti munthu abwezerepo chenje. Apa mpamene khoti la boma, ndi kuuma kwake konse, lili ndi chimene lingaphunzitse bwalo, pakuti limakakamiza wodandaula kutchula chopempha chilichonse payekha, ndipo woweruza amayankha chimodzichimodzi, kuvomera ichi ndi kukana icho, ndi zifukwa zake. Limathanso kupatula dandaulo limene likuchedwetsa anzake. Akatolika a parishi ya Nambuma sangadabwe nazo izi. Kuyambira pa msonkhano wa ku Trent mu 1551 mpaka m'malamulo a Mpingo a 1983, wolapa amayenera kuulula machimo aakulu onse, osabisapo lina, koma lililonse mwa mtundu wake, ndipo palibe amene amaloledwa kunena kuti kuba kwake kwafafanizika chifukwa anapereka chakhumi.

Chomvetsa chisoni nchakuti malamulo abwino a kuphatikizawa amakhala ku High Court, kumene munthu wakumudzi safikako kawirikawiri. Pansi pano mkangano umamwazidwa usanayambe nkumvedwa komwe. Chisudzulo cha ukwati wachikhalidwe chimapita kwa majisitireti, malire a munda amapita kwa mafumu kapena ku mabwalo a malo amene lamulo la 2016 linakhazikitsa, malipiro a wogwira ntchito pa esiteti ali ndi khoti lawo la zantchito, ndipo kumenyedwa kumayambira kupolisi. Aliyense mwa awa amaona chidutswa, ndipo munthu wopanda ndalama amasankha khomo limodzi nkusiya enawo, osati chifukwa wakhululuka koma chifukwa cha thiransipoti. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la makhoti a m'madera mu 2011 kuti milandu ya chikhalidwe izimvedwa pafupi, koma zaka zoposa khumi zinadutsa makhotiwo osatsegulidwa. Mantha a anthu pa makhoti oterewa ndi omveka, chifukwa anthu akukumbukira kuti ndi khoti la mafumu limene linagamula Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983, popanda loya wowaimira. Koma chimene chinalakwika nthawi imeneyo chinali kupereka milandu ya imfa ndi ya ndale kwa oweruza omvera boma. Khoti lokhala pa Nsaru kapena pa Namitete, lomva nkhani ya banja yonse tsiku limodzi, lolemba yankho pa dandaulo lililonse, ndiponso lolola wosakhutira kuchita apilo, silingafanane ndi limene lija.